SUKULU YA MAU A NDALE: KODI MWANA WATHU AKAPHUNZIRAKO CIANI?

Zaka zisanu zilizonse, Lacinayi laciwiri la mwezi wa Ogasiti likamayandikira, dziko lathu limadzaza ndi mau. Magalimoto okhala ndi zokuzira mau amazungulira m'makomboni ndi m'midzi, zitenje za nkhope za atsogoleri zimagawidwa pamisika, nyimbo zatsopano zimamveka m'mabasi, ndipo pa wailesi pamakhala mitsutso kuyambira mmawa kufikira usiku. Ambiri a ife timayesa kuti zonsezi zimangobwera zokha monga mvula ya mphepo. Koma si tero ai. Kuseri kwa mau ocepa aja amene ana amaimba m'njira kuli anthu amene anakhala pansi, nayesa mau osiyanasiyana, nasankha amene adzalowe msanga m'mitima ya anthu. Ena mwa iwo anacita kupita kusukulu zapamwamba kukaphunzira nchito yomweyi.

Maphunziro amenewa pa Cingerezi amawacha Political Communication, ndiko kuti kuphunzira za mmene mau amayendera pakati pa olamulira, ofalitsa nkhani ndi anthu wamba. Kawirikawiri munthu amawayamba atatenga kale digiri yoyamba, kaya ya utolankhani, ya za ndale, ya mbiri yakale kapena ya za cikhalidwe ca anthu. Tsono mwana wotere akafika kwa makolo ndi pempho lakuti akufuna digiri yaciwiri pa nkhaniyi, makolo ambiri amasowa coyankha. Udokotala timaudziwa, uphunzitsi timaudziwa, za malamulo timazidziwanso. Nanga izi za mau a ndale, kodi si sukulu ya bodza? Funso limeneli ndi loyenera, owerenga okondedwa, pakuti ndalama zimene zifunika ndi zambiri, ndipo cimene mwanayo adzacita ndi nzeruzo cidzakhudza tonsefe amene timaponya voti.

LUSO LA MAKEDZANA

Ciyambire kale anthu akhala akudziwa kuti kulankhula pagulu ndi luso. Pabwalo la milandu kumudzi, mfumu sithamangira kutsegula pakamwa. Nduna zimayamba ndizo, mboni zimanena zao, ndipo mau a mfumu amadza pomarizira, olemera ndi miyambi. Wamkulu aliyense adziwa kuti mlandu wabwino ungathe kuonongeka cifukwa ca wolankhula wosadziwa, ndiponso kuti mlandu woipa ungathe kukometsedwa ndi munthu wa lilime lakuthwa.

Ku Greece, zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, Aristotle analemba buku lonse la luso lokopa anthu. Iye anaona kuti omvera amakopeka ndi zinthu zitatu: khalidwe la wolankhulayo, kukhudzidwa kwa mitima yao, ndi mphamvu ya mfundo zimene zaperekedwa. Mpaka lero ophunzira amayambira pa zitatu zomwezi, ndipo inunso mukamvetsera bwino pamsonkhano wa cipani mudzazipeza zonse zitatu, ngakhale kuti cacitatuco cimakonda kucepa.

Augustino Woyera, mwana wa Africa wobadwa mu 354 m'dziko limene lero ndi Algeria, anali mphunzitsi wa luso limeneli ku Carthage ndi ku Rome, ndipo mu 384 anapatsidwa mpando wapamwamba wa nchitoyi ku Milan, kumene kunkakhala mfumu yaikulu ya Aroma. Ina mwa nchito zake inali yolankhula zotamanda mfumuyo, ndipo iye mwini anavomera pambuyo pake kuti m'zotamandazo munali mabodza ambiri, amene omvera ankawaombera m'manja akudziwa bwino kuti ndi mabodza. Mu 386 anasiya nchitoyo. Komatu atakalamba sanaletse Akristu kuphunzira luso la kulankhula. Maganizo ake anali akuti sikwanzeru kuti anthu abodza akhale ndi zida zonse za mau pamene oteteza coonadi aimirira cimanjamanja. Apa ndiye pagona nkhani yathu. Nkhwangwa imene imanga nyumba ndi yomweyo imene ingathe kupha munthu.

ZIMENE OFUFUZA ANAPEZA

Maphunziro a masiku ano amasiyana ndi akalewo pa cinthu cimodzi: sakhutira ndi kungoganiza, koma amapita kwa anthu kukafunsa, kuwerenga ndi kuyesa. Tione zitsanzo zingapo zimene wophunzira aliyense amakumana nazo m'miyezi yoyambirira.

Mu 1940, pa masankho a mtsogoleri wa dziko la America, Paul Lazarsfeld ndi anzake anasankha anthu 600 m'dera la Erie County ku Ohio, nawafunsa mobwerezabwereza kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Novembala. Iwo ankayembekeza kuti adzaona wailesi ndi nyuzipepala zikutembenuza anthu ambiri. Koma anapeza kuti anthu pafupifupi 8 okha mwa 100 alionse ndiwo anacoka ku mbali imodzi kupita ku inzake. Kampeni yonseyo kwenikweni inangolimbitsa anthu pa zimene anali nazo kale mumtima. Anapezanso kuti nkhani zimayamba zafika kwa anthu ocepa okonda kuwerenga ndi kumvetsera, ndipo iwowo ndiwo amazifikitsa kwa anzao m'banja, kunchito ndi pomwera. Kwathu kuno anthu otere timawadziwa: mphunzitsi wa pasukulu, nyakwawa, mai wa pampando wa gulu la amai, mwini cigayo, mnyamata wokhala ndi foni yaikulu.

Mu 1968 Maxwell McCombs ndi Donald Shaw anafunsa anthu 100 a ku Chapel Hill, ku America komweko, amene anali asanasankhe womuvotera. Anawafunsa kuti mavuto aakulu a dziko ndi ati, ndipo mayankho ao anawayerekeza ndi nkhani zimene zinkatuluka kwambiri m'nyuzipepala ndi pa wailesi ya kanema. Ziwirizi zinafanana modabwitsa. Phunziro lake ndi lakuti wofalitsa nkhani, ngakhale alephere kukusinthani maganizo, ali nayo mphamvu yokusankhirani nkhani yoti muziikamba. Wailesi ikakhala mwezi wathunthu ikunena za mkangano wa atsogoleri awiri, osachulako za mtengo wa feteleza kapena za kusowa kwa mankhwala kucipatala, anthu adzakambirana za mkanganowo, ndipo za feteleza aliyense adzangodandaula yekha kumunda kwake.

Citsanzo cacitatu ndi ca kakonzedwe ka mau. Mu 1981 Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anasindikiza zotsatira za mayeso awa. Anauza anthu kuti ayerekeze kuti kukubwera mliri umene udzapha anthu 600, ndipo pali njira ziwiri zolimbana nao: ina yotsimikizika, ina yodalira mwai. Gulu loyamba linauzidwa kuti njira yotsimikizikayo idzapulumutsa anthu 200, ndipo anthu 72 mwa 100 anaisankha. Gulu laciwiri linauzidwa kuti pa njira yomweyo anthu 400 adzafa, ndipo amene anaisankha anali 22 okha mwa 100. Masamu ake ndi amodzimodzi, pakuti kupulumutsa 200 mwa anthu 600 ndiko kutaya 400. Cimene cinasintha ndi mau okha. Ndico cifukwa cake wandale wina amati talemba nchito aphunzitsi zikwi zakuti, pamene mnzake wotsutsa amati aphunzitsi zikwi zakuti akali pakhomo, ndipo onse awiri angakhale akunena zoona.

Wophunzira amaphunziranso kusanyengedwa ndi ziwerengero. Mu 1936 magazini ya Literary Digest inatumiza makalata 10 miliyoni ofunsa anthu a ku America amene adzamuvotere, ndipo inalandira mayankho oposa 2 miliyoni. Inalengeza kuti Alf Landon adzapambana. Koma Franklin Roosevelt ndiye anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Maina ambiri anatengedwa m'mabuku a anthu okhala ndi matelefoni ndi magalimoto, ndiye kuti opeza bwino, ndipo amene anabweza mayankho sanali cithunzi ca dziko lonse. Amai onse adziwa kuti polawa mcere m'ndiwo supuni imodzi ikwanira, malinga mphikawo wavundulidwa bwino. Bungwe la Afrobarometer, limene linayamba mu 1999 ndipo Zambia anali mmodzi mwa maiko oyamba kulowamo, limafunsa anthu 1,200 kapena 2,400 m'dziko lathunthu, koma osankhidwa mwadongosolo m'zigawo zonse, m'matauni ndi m'midzi, amuna ndi akazi mofanana. Zimenezi ndi zosiyana kutali ndi kuwerenga anthu oimba foni ku wailesi usiku umodzi.

ZIMENE ZAYESEDWA MUNO MU AFRICA

Wina angati zonsezi ndi za Azungu. Ai, muno mu Africa namonso mwacitika kafukufuku wozama. Leonard Wantchekon wa ku Benin, amene ali mnyamata anamangidwapo cifukwa cotsutsa boma la dziko lake, pambuyo pake nakhala mphunzitsi wamkulu ku yunivesite ya Princeton, anapangana ndi zipani zenizeni pa masankho a mu 2001. M'midzi ina okopa anthu ankalonjeza zinthu za mudzi womwewo ndi nchito kwa ana a m'deralo, ndipo m'midzi ina ankanena za mfundo zotukula dziko lonse. Zotsatira zake zinali zowawa kumva: malonjezo a mudzi ndi mudzi ndiwo anakoka mavoti ambiri. Koma anaonanso kuti amai ankalandira bwino mfundo za dziko lonse kuposa abambo. Pa masankho a mu 2006 iye ndi mnzake Thomas Fujiwara anayesa njira ina. M'malo mwa misonkhano yaikulu ya magule ndi mphatso, m'midzi ina munacitika zokambirana za pabwalo, pamene anthu ankafunsa ndi kuyankhidwa. Ciwerengero ca oponya voti sicinatsike, ndipo mcitidwe wogula mitima ndi mphatso unacepa.

Ku Sierra Leone mu 2012 ofufuza anajambula pa kanema mitsutso ya anthu opikisana pa mipando ya uphungu, nakaionetsa m'midzi. Amene anaonera anadziwa bwino maina ndi mfundo za opikisanawo, ndipo ambiri anavotera amene anayankha bwino. Codabwitsa ndi cakuti aphungu amene anacita nao mitsutsoyo, atasankhidwa, anacititsa misonkhano yambiri ndi anthu ao, ndipo anagwiritsa nchito ndalama zambiri pa citukuko kuposa anzao amene sanaitanidwe. Munthu amene walonjeza pamaso pa anthu, mau ake najambulidwa, amacita manyazi kuwaiwala.

Koma kafukufuku wina ndi womvetsa cisoni. Ku Rwanda wailesi ya RTLM, imene inayamba mu 1993, inkafesa cidani pa Atutsi, ndipo mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100 okha. Popeza Rwanda ndi dziko la mapiri, midzi ina inkamva wailesiyo bwino pamene ina yoyandikana nayo inali yotsekerezedwa. David Yanagizawa-Drott anayerekeza midzi imeneyi, ndipo mu 2014 anasindikiza zimene anapeza: kuti mwa anthu 10 alionse amene anacita nao ciwembuco, mmodzi anakokedwa cifukwa ca wailesiyo, ndiye kuti anthu pafupifupi 51,000. Mau amapha ndithu.

MUNDA WATHU WA ZAMBIA

Dziko lathu lili ndi mbiri yolemera imene wophunzira angathe kuifufuza moyo wake wonse. Wailesi inayamba kuulutsa mau ku Lusaka mu 1941, ndipo mu 1949 kunafika kawailesi kochipa kooneka ngati sefuliya, kogulidwa mapaundi 5, kamene kanafikitsa mau a Cinyanja ndi zinenero zina m'nyumba za anthu wamba. Koma pamene atsamunda ankakakamiza citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba mu 1953, anthu anayamba kukayikira wailesi ya boma, ndipo kunabuka mphekesera yakuti oulutsa mau ena Acifirika ndi abanyama, ogwira anthu ndi kuwacotsa magazi. Anthu akasiya kukhulupirira mau a boma, mphekesera ndiyo imakhala nyuzipepala yao.

M'zaka za cipani cimodzi, kuyambira kumapeto kwa 1972 kufikira 1990, wailesi ndi nyuzipepala ziwiri zazikulu, Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, zinafika pokhala zonse m'manja mwa olamulira. Mau ena ankamveka kudzera m'nyuzipepala ya mipingo ya National Mirror, imene inayamba mu 1972, m'mabungwe a anchito ndi m'makalata a Maepiskopi. Mu Julaye 1991 kunabadwa nyuzipepala ya Weekly Post, ndipo pa 31 Okutobala caka comweco cipani ca MMD, ndi mau ake ocepa onena kuti ola lafika ndiponso cizindikiro ca zala ziwiri zonga mivi ya wochi, cinatenga mipando 125 mwa 150. Komatu mipando yonse 19 ya Cigawo ca Kummawa inatsalira kwa UNIP. Uthenga unali umodzi, wailesi inali imodzi, nanga bwanji Kummawa sanatembenuke? Limeneli ndilo funso lenileni la maphunziro tikunenawa, ndipo yankho lake lifunika munthu wodziwa cinenero, ubale ndi mbiri ya anthu a kumeneko.

Kwa anansi athu ku Malawi, pa 8 Marichi 1992, kalata ya Maepiskopi yonena za umphawi, maphunziro, zipatala ndi ufulu wa kulankhula inawerengedwa tsiku limodzi m'machalichi onse a Katolika, m'zinenero zimene anthu ankamva. Boma linaiyesa youkira, koma mau anali atatuluka kale. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 mwa 100 anavotera ndale za zipani zambiri. Wophunzira amafunsa kuti: cifukwa ninji pepala limodzi linagwedeza dziko limene linakhala cete zaka pafupifupi 30? Yankho lili pa amene analankhula, malo amene analankhulirapo, ndi kuti munthu aliyense anazindikira kuti mnzake wokhala naye pabenchi wamvanso zomwezo.

M'zaka za m'ma 1990 boma linalola mawailesi a anthu ndi a mipingo, ndipo lero ku Chipata munthu angathe kuimba foni ku Radio Maria kapena ku Breeze FM ndi kufunsa m'Cinyanja za mlatho umene sunamangidwe. Mu 2011 cipani ca PF cinapambana ndi mau awiri osakaniza Cingerezi ndi Cibemba, olangiza anthu kuti alandire mphatso za aliyense koma asaulule amene adzamuvotere. Mu Juni 2016 nyuzipepala ya The Post inatsekedwa pa nkhani ya misonkho, kutatsala milungu yocepa kuti masankho acitike. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku loponya voti, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa mpaka Khoti Lalikulu linalamula kuti zitsegulidwe, ndipo a Hakainde Hichilema anapeza mavoti oposa 2.8 miliyoni pamene a Edgar Lungu anapeza oposa 1.8 miliyoni. Mu Disembala 2023 lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha cidziwitso ku maofesi a boma linasainidwa, patapita zaka zoposa 20 anthu akulipempha. Ciliconse mwa zimenezi ndi mutu wokwanira buku.

Malemu Profesa Francis Kasoma wa pa University of Zambia, amene mu 1986 anatulutsa buku la mbiri ya nyuzipepala za m'dziko lino, ankalimbikira kunena kuti mtolankhani wa mu Africa ayenera kutenga mwambo wa nchito yake kucokera ku cikhalidwe cathu ca umodzi, osangotengera za kunja. Mfundo zazikulu za m'maphunzirowa zinabadwira ku America ndi ku Ulaya, kumene masankho sacitika m'zinenero zisanu ndi ziwiri, kumene kulibe mafumu a ndodo, ndiponso kumene nkhani za dziko sizikambidwa pamaliro usiku wonse. Mlendo sangamve zimene mwambi wa pamsonkhano ukubisa. Mwana wathu angathe.

KODI MAPHUNZIROWA AMAYENDA BWANJI?

Digiri yaciwiri, yochedwa Masters, imatenga caka cimodzi cathunthu ku Britain, ndipo kwathu kuno ndi m'maiko ena ambiri imatenga zaka ziwiri. Gawo loyamba ndi la m'kalasi: mfundo za akatswiri monga taonazi, mbiri ya zofalitsira nkhani, malamulo okhudza atolankhani ndi masankho, ndi njira zofufuzira. Makolo adziwe kuti masamu alimo. Wophunzira ayenera kudziwa kusankha anthu oti awafunse, kukonza mafunso osakankhira munthu ku yankho limodzi, kuwerenga nkhani mazanamazana za m'nyuzipepala ndi kuziika m'magulu, ndi kugwiritsa nchito kompyuta posanthula ziwerengero. Gawo laciwiri ndi la kafukufuku wake wa iye mwini, pansi pa mphunzitsi womuyang'anira, ndipo amatsiriza ndi kulemba kabuku kamene akatswiri ena amakayesa. Wofuna kupitirira ku digiri ya udokotala wa maphunziro aonjezere zaka zina zitatu kapena kuposerapo.

Pa University of Zambia pali dipatimenti ya za ufalitsi imene imapereka madigiri aciwiri, ndipo munthu angathe kusankha mutu wa ndale pa kafukufuku wake. Ku South Africa kuli Rhodes University ndi University of Cape Town, ku Nairobi kuli Daystar University, ndipo ku Britain kuli London School of Economics, Goldsmiths, Leeds ndi Cardiff. Koma m'mayunivesite ambiri ochuka a ku Britain malipiro a caka cimodzi kwa mlendo amapitirira mapaundi 20,000, osawerengera ulendo, cakudya ndi pogona. Khola lonse la ng'ombe lingathe kutha caka cisanafike pakati. Cifukwa cace banja lisathamangire kugulitsa ziweto kapena munda. Alipo mathandizo a maphunziro: a Chevening ocokera ku boma la Britain, amene amafuna kuti wopempha akhale atagwirapo nchito zaka ziwiri ndiponso kuti akatsiriza abwerere kwao kwa zaka ziwiri; a Commonwealth; a Beit Trust, amene ndi a nzika za Zambia, Malawi ndi Zimbabwe; a Fulbright a ku America; ndi a DAAD a ku Germany. Opikisana ndi ambiri, ndipo amene amapambana kawirikawiri ndi uja wokhala ndi funso lomveka la kwao, osati wongofuna kukwera ndege.

Safunsa anadya phula. Musanalipire ngakhale ngwee imodzi, fufuzani ngati sukulu ya muno inalembetsedwa ku Higher Education Authority, ndipo ngati ndi ya kunja, funsani ku Zambia Qualifications Authority ngati pepala lake lidzavomerezedwa. Pa intaneti pali masukulu a dzina lokoma amene alibe ngakhale cipinda cimodzi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

NCHITO ZAKE NDI MAYESERO AKE

Wotsiriza maphunzirowa angathe kukhala mtolankhani wa za ndale, mneneri wa unduna kapena wa Nyumba ya Malamulo, wophunzitsa anthu za kavotedwe, wofufuza maganizo a anthu, wanchito wa mabungwe oyang'anira masankho, mphunzitsi wa ku yunivesite, kapena mlangizi wa cipani. Kunena zoona, mipando yotere si yambiri m'dziko lathu, ndipo ina imabwera ndi masankho nkupitanso ndi masankho. Mwana amene ali kale ndi luso logwirika, monga kulemba bwino, kuulutsa mau kapena kusanthula ziwerengero, ndiye amapindula kwambiri ndi digiri yaciwiri. Pepala lokha silidyetsa munthu.

Mayesero nao alipo, ndipo ndi aakulu. Mu 2018 kunadziwika kuti kampani ya Cambridge Analytica inatenga mbiri za anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook, ambiri a iwo osadziwa, kuti izigwiritse nchito pokonza mauthenga a ndale, ndipo akuluakulu ake anajambulidwa mobisa akudzitama za nchito imene anagwira pa masankho a ku Kenya. Kampaniyo inatsekedwa caka comweco. Mu 2017 kampani ya ku London ya Bell Pottinger inagwa itapezeka kuti, polipidwa ndi kampani ya banja la Gupta, inakonza kampeni yokolezera udani wa mitundu ku South Africa. Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya MIT, atasanthula nkhani pafupifupi 126,000 za pa Twitter, anapeza kuti nkhani yoona imatenga nthawi yotalika kasanu ndi kamodzi kuposa yabodza kuti ifike kwa anthu 1,500. Wodziwa zimenezi ali ndi njira ziwiri patsogolo pake: kucenjeza anthu, kapena kugulitsa bodza kwa wolipira bwino. Ndipo tisaiwale kuti Ferdinand Nahimana, mmodzi mwa oyambitsa wailesi ya RTLM, amene khoti la maiko onse linamupeza wolakwa mu 2003, anali munthu wa digiri ya udokotala wa mbiri yakale yocokera ku Paris. Sukulu inampatsa nzeru, koma cikumbumtima siciperekedwa pa tsiku lolandira digiri.

MAU KWA MAKOLO NDI KWA OPONYA VOTI

Tsono, makolo anzanga, mwana akadza ndi pempho limeneli musamukanize msanga, ndiponso musamuvomere msanga. Khalani naye pansi ndi kumufunsa mafunso atatu. Loyamba: ndi funso lanji la dziko lathu limene ukufuna kuliyankha? Ngati sangathe kulifotokoza m'Cinyanja kuti agogo ake amve, nthawi yake sinakwane. Laciwiri: ndalama zidzacokera kuti, ndipo azing'ono ako adzapitiriza bwanji sukulu? Lacitatu, limene liposa onse: ndi nchito yotani imene udzakana kuigwira ngakhale akulipire motani? Mwana amene sanaganizirepo za funso limeneli ali pangozi, pakuti tsiku lidzafika pamene wina adzamupempha kuti alembe bodza lokoma, kapena kuti akolezere moto pakati pa mtundu ndi mtundu.

Ndipo ife tonse amene sitidzapondako ku yunivesite tingathe kutolako zipatso za maphunzirowa kwaulere. Uthenga ukafika pa foni kapena pa wailesi, tidzifunse: wanena ndani, ndipo apindulapo ciani? Ndi nkhani iti imene sakuichula? Ciwerengero ici, cikanenedwa mbali inayo, cingamveke bwanji? Kodi akufuna kuti ndiganize, kapena akungofuna kuti ndikwiye? Uthenga umene ukutiuza kuti tiutumize msanga kwa ena ndi umene tiyenera kuugoneka kaye usiku umodzi. Opikisana pa mipando tiwaitane pabwalo limodzi, tiwafunse za cipatala, za mseu ndi za mtengo wa cimanga, ndipo mayankho ao mlembi wa mudzi awalembe m'buku, kuti pakapita zaka zisanu tidzawawerengere. Anzathu a ku Benin ndi ku Sierra Leone anayesa njira yotere, ndipo inabala zipatso.

Dziko lathu lifunika ana ophunzira amene adziwa mmene mau amagwirira nchito, amene angaime pa wailesi ya kwao ndi kumasulira bajeti ya boma m'cinenero ca anthu, amene angawerenge mavoti ndi maganizo a anthu mopanda cinyengo, ndiponso amene angauze mtsogoleri zoona ngakhale zikhale zowawa. Ngati mwana wanu ali wa mtima wotere, mdalitseni apite. Ndipo pomutsanzika mumukumbutse kuti anthu amene adzawalembere mauthenga si ziwerengero za m'kompyuta ai, koma ndi amalume ake, azakhali ake ndi anansi amene anamulera.